Kuphunzitsa mwana gawo la sayansi la mayeso a ACT: poyambira ndi motsatira mwake

Mtsikana woyamba yemwe ndinamukonzekeretsa mayeso a ACT, olowera m'makoleji a ku America, anali atakhoza bwino Biology, Physics ndi Chemistry pa MSCE. Makope ake anali audongo, manotsi ataloweza mpaka zojambula zomwe. Nditamupatsa pepala la sayansi kuti ayesere, nthawi inamuthera mafunso ambiri asanawakhudze n'komwe. Ine ndinaganiza kuti vuto ndi silabasi, kuti mwina ana a ku America amaphunzira zinthu zimene ife sitiphunzira. Choncho milungu itatu yathunthu tinathera pa manotsi: kugawikana kwa maselo, lamulo la Ohm, ma asidi. Titayesanso pepala lina, malikisi sanasunthe.

Tsiku limenelo ndinasiya bolodi, n'kukhala pambali pake, kumuyang'ana akulemba. Ankayamba pamwamba pa ndime, kuwerenga liwu ndi liwu. Akakumana ndi dzina la mankhwala limene sanalimvepo ankaima, maso kudenga, kufufuza m'mutu ngati anaphunzirapo chinthu chotero ku Fomu 3. Chikhalirecho yankho linali pa galafu, pafupi penipeni ndi chala chake. Milungu itatu ija ndinamutayitsa ndine, ndipo ndalemba izi kuti mphunzitsi wina asadutse njira yomweyo.

Gawo la sayansi la ACT silifunsa kwenikweni zimene mwana analoweza. Limamupatsa magalafu, matebulo ndi kafotokozedwe ka kafukufuku yemwe sanamuonepo, kenako limaona ngati angathe kutolamo yankho mwachangu. Mphunzitsi amene wamvetsa zimenezi amasula maso a mwana ndi kumuzoloweza wotchi. Amene sanamvetse amangowonjezera manotsi pamwamba pa manotsi.

Yambani ndi kudziwa mayeso amene mwanayo akalembe

ACT ndi amodzi mwa mayeso awiri akuluakulu olowera m'makoleji a ku America. Enawo ndi SAT, amene alibe gawo lapadera la sayansi. ACT inayamba mu 1959 ku Iowa City, ndipo gawo la sayansi la mtundu umene tikuuona lero, lofuna kuganiza ndi kumasulira zotsatira za kafukufuku, linabwera mu 1989. Kwa zaka zambiri linali la mafunso 40 m'mphindi 35. Mu 2025 eni mayesowa anayamba kusintha zinthu: mafunso akadali 40 koma nthawi ndi mphindi 40, gawoli tsopano ndi lochita kusankha, ndipo malikisi aakulu otchedwa Composite amachokera ku English, Math ndi Reading basi. Sayansi imapatsidwa malikisi akeake, kuyambira 1 mpaka 36, ndipo akaiphatikiza ndi masamu amatulutsa malikisi ena otchedwa STEM.

Ndiye musanatenge ndalama ya kholo, khalani pansi ndi mwanayo mulembe mayina a makoleji amene akufuna, mutsegule tsamba la koleji iliyonse muone ngati imafuna malikisi a sayansi. Makoleji amasiyana pa nkhaniyi. Maganizo anga ndi oti mwana amene akufuna uinjiniya, unamwino, udokotala kapena maphunziro ena alionse a sayansi alembe ndithu gawoli, ngakhale koleji itanena kuti sikukakamiza. Wochokera ku sukulu imene anthu a ku koleji ija sanaimvepo amapindula ndi umboni uliwonse umene iwo angauwerenge mosavuta. Amene ali ku Malawi angathenso kufunsa alangizi a EducationUSA, amene amagwira ntchito pansi pa ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, za masiku olembera ndi zina zofunika polembetsa.

Dziwaninso ngati akalembera pa pepala kapena pa kompyuta. Kunja kwa America mayesowa amalembedwa pa kompyuta, ndipo zimenezi zimasintha kakonzekeredwe, monga ndifotokozere kutsogoloku.

Pepala loyamba: inu khalani chete

Tsiku loyamba musaphunzitse kanthu. Pezani pepala lenileni la ACT. Eni mayesowa amatulutsa kabuku kaulere kotchedwa Preparing for the ACT, komwe kamakhala ndi mayeso athunthu ndi mayankho ake, ndipo kamapezeka pa tsamba lawo la pa intaneti. Mapepala ongopeka anthu ena nthawi zambiri amafunsa zoloweza, ndiye amasocheretsa. Ikani wotchi patebulo, muchotse kalikuleta chifukwa m'gawo la sayansi saloleza, mumuuze kuti ayambe.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani chapambali ndi kapepala kanu, muzilemba zimene mukuona. Kodi akuyamba ndi ndime kapena ndi mafunso? Chala chake chikufika pa galafu kapena akungoyang'ana chapatali? Wathera mphindi zingati pa ndime yoyamba? Ndi funso liti limene wakhalapo nthawi yaitali, milomo ikugwedera? Nthawi ikatha, jambulani mzere pomwe wafika, kenako mumulole amalize otsalawo popanda wotchi. Apa mumapeza zinthu ziwiri zosiyana. Ngati otsalawo wawakhoza atapatsidwa nthawi, vuto lake ndi liwiro. Ngati akulakwabe ngakhale nthawi ilipo, vuto ndi kawerengedwe ka magalafu kapena Chingerezi cha mafunsowo. Mankhwala a mavuto awiriwa ndi osiyana, ndipo simungawadziwe mukangochonga n'kulemba 19 pamwamba pa pepala.

Pofuna kudziwa pomwe mwana waima, eni mayesowa amaika 23 ngati malikisi osonyeza kuti wophunzira ndi wokonzeka kuphunzira Biology ya chaka choyamba ku koleji. Makoleji opikisana kwambiri amayembekeza zoposa pamenepo.

Kope la zolakwa

Mugulireni kope laling'ono. Funso lililonse limene walakwa, kapena limene wakhoza mwamwayi, lilowe m'kopemo ndi chifukwa chake, cholembedwa ndi dzanja lake, m'mawu ake. Musalole kuti alembe kuti "ndinasokonezeka". Afotokoze: ndinawerenga Figure 2 pomwe funso limati Figure 1. Ndinatsatira mzere wamadontho m'malo mwa mzere wathunthu. Sindinadziwe tanthauzo la liwu lakuti "constant". Nthawi inatha.

Pakatha milungu iwiri kopelo limayamba kulankhula lokha. Ana ambiri amapeza kuti zolakwa zawo ndi zamitundu itatu kapena inayi yokha, zomangobwerezabwereza. Mwana akaona ndi maso ake kuti mafunso asanu ndi limodzi anawataya chifukwa chosayang'ana mayunitsi, safunanso ulaliki wanu.

Magalafu ndi matebulo: apa ndiye pokhalitsa

Ndime za m'gawoli ndi zamitundu itatu. Mtundu woyamba, Data Representation, ndi wa magalafu ndi matebulo okhala ndi mawu ochepa. Wachiwiri, Research Summaries, umafotokoza kafukufuku mmodzi kapena angapo. Wachitatu, Conflicting Viewpoints, ndi wa asayansi kapena ophunzira osiyana maganizo. Nkhani zake zimachokera ku Biology, Chemistry, Physics ndi sayansi ya dziko lapansi ndi zam'mlengalenga. Yambani ndi mtundu woyamba, chifukwa luso lake limagwiranso ntchito m'mitundu inayo.

Chizolowezi choyamba chimene ndimaphunzitsa ndi cha masekondi khumi ndi asanu. Asanawerenge funso lililonse, mwana aike chala pa galafu n'kunena mokweza zinthu zinayi: chimene chili mmunsi, chimene chili m'mbali, mayunitsi ake, ndi komwe mzere ukulowera. Anene m'Chichewa ngati akufuna, palibe vuto. "Mmunsimu muli kutentha, m'madigiri Celsius. M'mbalimu muli magalamu a mchere amene asungunuka m'madzi okwana magalamu 100. Mzerewu ukukwera." Basi. Masiku oyamba amachita manyazi, ena amaseka. Limbikirani. Pakapita nthawi amachita chamumtima, ndipo maso amayamba okha kupita ku mayunitsi.

Chitsanzo chimene ndimakonda kuyamba nacho ndi cha kusungunuka kwa michere iwiri, chifukwa manambala ake ndi enieni ndipo mwana wa MSCE anaionapo nkhaniyi. M'madzi okwana magalamu 100, potassium nitrate amasungunuka pafupifupi magalamu 13 pa 0°C, 32 pa 20°C, 64 pa 40°C, ndi 110 pa 60°C. Mchere wathu wa m'ndiwo, sodium chloride, umangokhala cha pa 36 mpaka 37 pa kutentha konseko. Lembani manambalawa pa bolodi ngati tebulo, mwanayo ajambule yekha galafu, kenako mufunseni mafunso mwa dongosolo ili.

Loyamba, longotola: pa 40°C, potassium nitrate amasungunuka magalamu angati? Chala mmunsi pa 40, chikwere mpaka pa mzere, chikhotere m'mbali. 64.

Lachiwiri, la komwe zinthu zikulowera: kutentha kukamakwera, chikuchitika n'chiyani? Pa ACT mayankho a funso lotere amabwera motere kawirikawiri: "increases only", "decreases only", "increases, then decreases", "remains the same". Mwana azolowere kuyenda ndi chala mzere wonse mpaka kumapeto, chifukwa mizere ina imakwera kenako n'kutsika, monga ya ma enzyme akatenthedwa kwambiri, ndipo wothamanga amangoona theka loyamba.

Lachitatu, la pakati: nanga pa 30°C, pomwe tebulo silinatchule? Apa ana athu amagwira pensulo kufuna fomula. Aletseni. Yankho lili pakati pa 32 ndi 64, ndipo mwa mayankho anayi operekedwa nthawi zambiri limodzi lokha ndi limene limagwera pamenepo. Nambala yeniyeni ndi cha pa 46. Kuyerekeza kokha kwakwana, n'chifukwa chake kalikuleta safunika.

Lachinayi, la kunja kwa galafu: pa 70°C? Mzere ukukwerabe, choncho yankho ndi loposa 110.

Lachisanu, loyerekeza mizere iwiri: ndi pa kutentha kotani pomwe michere iwiriyi imasungunuka mofanana? Pomwe mizere yadutsana, kupitirira pang'ono 20°C. Pansi pa pamenepo mchere wa m'ndiwo ndi umene uli pamwamba, kupitirira apo potassium nitrate amausiya kutali.

Mafunso asanu amenewa ndiwo msana wa gawo lonse. Nkhani isinthe, ikhale ya miyala ya pansi pa nyanja kapena ya kuwala kwa nyenyezi, kafunsidwe kake n'komweko. Mwana akazindikira zimenezi mantha a mayina achilendo amachepa. Ndimawauza kuti dzina lalitali la mankhwala alidule, alitche chilembo chake choyamba, apitirire. Mayesowa safuna kuti adziwe chinthucho, akufuna aone chimene chachichitikira pa galafu.

Kenako muonetseni misampha, umodzi umodzi, pa mapepala enieni. Pali magalafu okhala ndi masikelo awiri, ina kumanzere ina kumanja, mzere uliwonse ndi sikelo yake. Pali masikelo amene sakwera 1, 2, 3 koma 1, 10, 100, 1,000. Pali matebulo amene manambala ake sanasanjidwe kuyambira chochepa. Pali funso lofunsa malita pomwe tebulo lili m'mamililita. Ndipo pali mafunso ofuna magalafu awiri: utenge nambala pa Figure 1, upite nayo ku Table 2, yankho ulipeze kumeneko. Mafunso a mtundu womalizawu amakonda kukhala chakumapeto kwa ndime, ndipo ndi amene amalekanitsa mwana wa malikisi apakati ndi wa malikisi apamwamba. Apatseni tsiku lawolawo.

Ndime za kafukufuku

Apa mwana amene sukulu yake inalibe labotale yokwanira amavutika, osati chifukwa cha nzeru, koma chifukwa kafukufuku anangomuwerenga m'buku, sanamupangepo. Njira yachidule ndi kumupangitsa kafukufuku mmodzi weniweni, ngakhale wa pakhonde.

Tengani mabotolo anayi, thonje ndi nyemba. Botolo lililonse nyemba khumi, madzi ofanana, malo amodzi. M'botolo loyamba madzi okha, lachiwiri muthire mchere pang'ono, lachitatu wochulukirapo, lachinayi wambiri. Pakatha masiku asanu awerenge zimene zamera. Ndiye mufunseni mafunso atatu amene azidzifunsa pa ndime iliyonse ya kafukufuku: tinasintha chiyani? Tinayeza chiyani? Tinasiya chiyani chosasintha? Chimene tinasintha, mchere, ndicho "independent variable". Chimene tinayeza, nyemba zomera, ndicho "dependent variable". Madzi, malo ndi chiwerengero cha nyemba ndi zimene zinali "held constant". Botolo la madzi okha lija ndilo "control", loyerekezera ena onse. Mwana amene wagwira mabotolo amenewa ndi manja ake saiwalanso mawuwa.

Pa mayeso, ndime yotere imakhala ndi Experiment 1, Experiment 2, mwina ndi 3. Chofunika kwambiri ndi chiganizo choyamba cha Experiment 2, chimene nthawi zambiri chimati njira inali yomweyo "except that", kupatula chakuti. Mawu otsatira pamenepo ndi golide. Mwana awadule mzere kunsi kapena awalembe pa pepala lake, chifukwa funso lakuti kafukufuku wachiwiri anasiyana bwanji ndi woyamba silikhala patali. Mafunso ena amafunsa chifukwa chimene ofufuzawo anachitira chinthu china, monga kutsuka chipangizo asanachigwiritsenso ntchito, kapena zimene zingachitike atawonjezera botolo lachisanu. Mukamakambirana mafunso otere bwererani ku nyemba zija: tikanaika botolo limodzi padzuwa, ena mumthunzi, tikanadziwa bwanji kuti ndi mchere umene waletsa kumera?

Kodi awerenge ndime yonse asanayambe mafunso? Pa ndime za magalafu, ayi: masekondi khumi ndi asanu aja, kenako mafunso, n'kubwerera ku mawu pokhapokha funso likamutuma. Pa ndime za kafukufuku aone mwachangu cholinga ndi kusiyana kwa ma experiment. Mtundu wachitatu wokha ndi umene umafuna kuwerenga kwenikweni.

Asayansi akasemphana

Ndime ya Conflicting Viewpoints imakhala ndi mawu ambiri, magalafu ochepa kapena osakhalapo. Scientist 1 akunena zake, Scientist 2 zake, nthawi zina ophunzira atatu kapena anayi. Vuto la ana athu apa ndi ulemu umene anaphunzira kupereka ku buku. Amafuna kudziwa kuti wolondola ndani, kuti amutsatire. Mayesowa safunsa zimenezo. Amafunsa kuti uyu akukhulupirira chiyani, akugwirizana pati ndi mnzake, ndipo umboni watsopano ukulimbikitsa ndani, ukufooketsa ndani. Nthawi zina mmodzi mwa iwo amanena zinthu zimene mwana akudziwa kuti n'zolakwika, koma funso likati "According to Student 2", ayankhe monga mwa Student 2.

Pophunzitsa ndimagwiritsa ntchito mkangano weniweni wa kutha kwa ma dinosaur, nyama zikuluzikulu zakalekale, zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo. Mu 1980 gulu la Luis Alvarez ndi mwana wake Walter linalengeza kuti m'dothi la nthawi imeneyo muli iridium wochuluka modabwitsa, chitsulo chosowa pa nthaka ya dziko lapansi koma chopezeka kwambiri m'miyala yochokera mumlengalenga. Iwo anati chimwala chachikulu chinagwa kuchokera mumlengalenga, ndipo n'chimene chinathetsa ma dinosaur. Pambuyo pake chidzenje cha Chicxulub, chokumbika ndi chimwala chotero, ku Yucatán m'dziko la Mexico, chinadziwika kuti ndi cha nthawi yomweyo. Asayansi ena analoza ku India, ku mapiri ophulika amene anasiya miyala yotchedwa Deccan Traps, amene analavula chiphalaphala ndi mpweya woipa kwa zaka zikwi mazanamazana cha m'nyengo yomweyo.

Fotokozani mbali ziwirizi, mwanayo alembe chiganizo chimodzi chokha pa mbali iliyonse. Woyamba: chimwala, mwadzidzidzi. Wachiwiri: mapiri ophulika, pang'onopang'ono. Kenako muponyereni umboni. Zitapezeka kuti zamoyo zinayamba kuchepa kalekale dothi la iridium lisanayalidwe, akondwere ndani? Zitapezeka kuti zinatha pa kanthawi kochepa, ndendende pa dothilo? Nanga onse awiri akugwirizana pa chiyani? Pa nthawi imene zinachitika, ndi pa mfundo yoti nyengo ya dziko inasokonekera. Phunziro limeneli ana amalikonda, amatsutsana mpaka nthawi kupitirira, ndipo akabwerera ku pepala amapeza kuti mafunso ake ndi omwewo.

Popeza ndimeyi imadya nthawi, mwana asankhiretu pomwe aziichitira. Wowerenga Chingerezi mwachangu angathe kuyamba nayo mutu ukadali wozizira. Wowerenga pang'onopang'ono aisiye komaliza. Chachikulu n'choti asankhe kunyumba, osati m'chipinda cha mayeso.

Zoloweza zochepa zimene zimafunikadi

Mafunso owerengeka amafuna chidziwitso chimene sichili m'ndime, koma ndi cha pamwamba: pH yochepera 7 ndi asidi, yoposa 7 ndi base. Madzi amaundana pa 0°C ndi kuwira pa 100°C m'mphepete mwa nyanja yamchere. Chinthu chopepuka kuposa madzi, poyerekeza kukula kofanana, chimayandama. Ma charge ofanana amakankhana, osiyana amakokana. Zomera zimatenga carbon dioxide ndi madzi n'kupanga shuga ndi oxygen. Ma gene a dominant ndi recessive, ntchito ya mitochondria, kusiyana kwa kinetic ndi potential energy. Mwana amene anakhoza sayansi pa MSCE zonsezi ali nazo kale. Tsiku limodzi lobwereza lakwana, ndipo chilichonse chatsopano chimene mwakumana nacho m'mapepala chilowe m'kope lija.

Chimene chimafuna nthawi yambiri kuposa pamenepa ndi Chingerezi cha mafunso. Mawu ngati "respectively", "approximately", "consistent with", "most likely", "inversely", "trial", "yield", "weaken" amagwetsa ana amene galafu aiwerenga bwinobwino. Mawu akuti NOT, LEAST ndi EXCEPT amatembenuza funso lonse. Tsegulani tsamba lapadera kumapeto kwa kope, liwu lililonse ndi tanthauzo lake m'Chichewa ndi chiganizo chimene linapezekamo. Njira ina yothandiza ndi kumuuza kuti akufotokozereni funso m'Chichewa asanayankhe. Akalephera kulimasulira, mwapeza pomwe pali vuto, ndipo si pa sayansi.

Wotchi

Musayambe ndi liwiro. Milungu iwiri kapena itatu yoyamba agwire ndime imodzi imodzi popanda wotchi, mpaka azikhoza pafupifupi mafunso onse. Liwiro lophunzitsidwa msanga limangofulumizitsa zolakwa. Akafika pokhoza, yambani kuchepetsa: ndime imodzi mphindi zisanu ndi zitatu, kenako zisanu ndi ziwiri, kenako zisanu ndi imodzi. Kenako ndime ziwiri motsatizana, kenako zitatu, mpaka gawo lonse. Mapepala akale a mphindi 35 musawataye. Amene wazolowera kumaliza mafunso 40 m'mphindi 35 akapeza mpata wopumira pa mayeso a mphindi 40.

Malamulo awiri awaloweze ngati dzina lake. Loyamba, funso lililonse lili ndi mtengo wofanana, lovuta ndi losavuta, choncho funso likamudyera kupitirira mphindi imodzi ndi theka asankhe yankho, aike chizindikiro, apite. Ana akhama ndi amene amavutika ndi lamuloli, chifukwa kusiya funso amakuona ngati kugonja. Muonetseni m'kope mwake mafunso osavuta a ndime yomaliza amene sanawafikire chifukwa cholimbana ndi limodzi la ndime yachiwiri. Lachiwiri, ACT sichotsa malikisi pa yankho lolakwa. Pasakhale funso losiyidwa lopanda yankho. Kukatsala mphindi imodzi, adzaze onse otsala. Mayankho ndi anayi, ndipo akachotsapo awiri oonekeratu kuti ndi olakwa, mwayi wake wafika theka.

Kwa wolembera pa pepala, mayankho amasinthana zilembo: funso lina A, B, C, D, lotsatira F, G, H, J. Zimenezi zimathandiza kuzindikira msanga ngati wadumpha mzere pa pepala la mayankho. Kwa wolembera pa kompyuta, ayesere pa kompyuta ndithu, osati pa foni. Kuwerenga galafu pa sikirini n'kosiyana ndi pa pepala: sungajambulepo ndi pensulo, ndime ili mbali ina, funso mbali ina, ndipo nthawi zina uyenera kutsitsa tsamba kuti upeze tebulo lachiwiri. Ngati kunyumba kulibe kompyuta, bwerekani laputopu ngakhale kawiri kapena katatu mayeso asanafike, muitchajiretu kuopa kuzima kwa magetsi, ndipo azolowere kulemba manotsi ake achidule pa pepala lapambali.

Kumbukiraninso kuti sayansi imabwera pambuyo pa English, Math ndi Reading. Mwana amafika pa galafu yoyamba atakhala kale pampando maola awiri, mutu utatopa. Amene amayesera gawo la sayansi lokha, m'mawa atangomwa tiyi, amapeza malikisi amene sakawaonanso tsiku la mayeso. Kawiri kapena katatu, Loweruka m'mawa, alembe mayeso onse motsatizana monga adzachitire tsikulo.

Kagawidwe ka milungu, ndi makolo

Ngati muli ndi milungu isanu ndi itatu, kukumana kawiri pa mlungu kwa ola limodzi n'kokwanira, bola mwanayo azigwira ndime ziwiri kapena zitatu payekha masiku enawo. Mlungu woyamba ndi wa pepala loyesera ndi kope. Wachiwiri ndi wachitatu, magalafu. Wachinayi ndi wachisanu, kafukufuku, nyemba zija zitabzalidwa kale mlungu wachitatu. Wachisanu ndi chimodzi, asayansi osemphana. Iwiri yomaliza, mayeso athunthu ndi kubwerera ku zimene kope likuloza. Mwana wina adzafuna milungu inayi pa magalafu okha. Mpatseni, dongosololi si lamulo.

Pa phunziro lililonse, wolankhula kwambiri akhale mwanayo. Akalakwa musamuuze yankho. Mufunseni kuti, "Wachipeza pati chimenechi? Ndilozere." Kawirikawiri chala chikangofika pa galafu amadziwona yekha: "Aa, aphunzitsi, ndinatenga mzere wina." Kulakwa kumene wadzigwira yekha sikubweranso kawirikawiri ngati kumene mwamukonzera inu.

Makolo adzakufunsani kuti mwana apeza malikisi angati. Musalonjeze nambala. Aonetseni pepala loyamba, pepala laposachedwa ndi kope la zolakwa, aone okha mitundu ya zolakwa imene yatha ndi imene yatsala. Auzeninso poyera kuti ndalama zolembetsera ndi zambiri, makamaka kwa wolembera kunja kwa America, choncho ndi bwino mwana alembe atakonzeka kusiyana ndi kuthamangira tsiku lapafupi. Mayesowa amaloledwa kubwereza, koma sankhani tsiku loyamba lokhala ndi mpata wobwereza masiku otsekera mafomu a makoleji asanakwane.

Mlungu womaliza musabweretse chatsopano. Awerenge kope lake kuyambira tsamba loyamba, agwirenso ndime zingapo zimene zinamuvuta kale kuti aone kuti tsopano akuzitha. Kutatsala masiku awiri, onani limodzi chiphaso chake chokhala ndi chithunzi ngati dzina likufanana ndendende ndi limene analembetsa, musindikize tikiti yolowera, ndipo ngati malo olembera ali kutali, mukonze zoti akagone pafupi. Dzulo lake asagwire pepala lililonse. M'chikwama muikemo madzi ndi kachakudya kodya pa nthawi yopuma, imene imabwera akamaliza masamu, chifukwa kuchokera pamenepo kutsogolo kwake kumakhala kukadali Reading yonse ndi mafunso 40 a sayansi.